Zimbale zoyamba za magulu a funk: muyambire pa chiti?

Ambiri a ife Kool & the Gang timaidziwira pa Celebration, ija imalira pa maukwati mpaka lero, Commodores timaidziwira pa Lionel Richie ndi nyimbo zake zachikondi zija, Earth, Wind & Fire nayo ndi September basi. Koma magulu onsewa asanafike apo anali ndi chimbale choyamba, nde mukachimvera lero mumachita kufunsa kuti kodi ndi anthu omwewadi? Nthawi imeneyo analibe woyimba mmodzi wotchuka woima patsogolo, analibe ndalama zokhalira mu situdiyo miyezi, anali anyamata ozolowera kuyimba m'mabala usiku wonse ndipo chimene amajambula ndi chomwecho chimene amayimba dzulo lake pa siteji. Ine zimbale zoyambazi ndimazikonda chifukwa cha chimenecho, mumamva bandi ikuyimba ngati bandi.

Ndinene poyera kumayambiriro konkuno kuti mtima wanga uli pa The Meters, chimbale chawo cha 1969. Koma makutu athu ndi osiyana ndiye ndiyika zinanso pambali pake kuti aliyense aone chomwe chingamugwire.

Kwa amene chamba cha funk sachidziwa bwino, nkhani yake ndi yoti chida chilichonse chimasanduka ng'oma. Gitala samailiza kuti itsogolere nyimbo ayi, amaimenya timawu tifupitifupi, bezi imabwereza mzere umodzi osatopa, malipenga amangolasa apa ndi apo, ndipo onse amakumana pa kugunda koyamba kwa biti. James Brown ndi amene anakhazikitsa zimenezi, makamaka ndi Cold Sweat mu 1967, ndipo magulu onse amene ndikambe pano anamwa madzi a pachitsime chimenecho, kungoti aliyense anapita njira yakeyake.

Tiyambe ndi The Meters. Awa ndi anyamata anayi a ku New Orleans: Art Neville pa ogani, Leo Nocentelli pa gitala, George Porter Jr. pa bezi ndi Joseph Modeliste, amene dziko lonse limamutcha Zigaboo, pa ng'oma. Art anali wamkulu pa onsewo, anabadwa 1937 ndipo anali atayimba kale Mardi Gras Mambo ndi gulu la Hawketts mu 1954, pomwe Zigaboo pa nthawi yotuluka chimbalechi anali ndi zaka 20 zokha. Asanajambule amayimba pa kalabu ina yotchedwa Ivanhoe ku French Quarter, dera la mumzinda womwewo, maola ambirimbiri usiku ndi usiku, kenako Allen Toussaint ndi Marshall Sehorn anawatenga kuti azikhala bandi ya mu situdiyo yawo, kuyimbira anthu ngati Lee Dorsey. Chimbale chawochawo chinatuluka pa kampani ya Josie, nyimbo 12, zambiri mphindi zitatu kapena kuchepera, ndipo mulibe vesi kapena kolasi, ndi zida zokhazokha.

Nyimbo yotsegulira ndi Cissy Strut. Imayamba ndi mfuwu umodzi, kenako gitala ndi bezi zimatsika limodzi mzere womwewo, mawu omwewo nthawi yomweyo, zikafika pansi gitala imamenya makodi awiri akuthwa nkusiya mpata. Mpata umenewo ndi umene ndikufuna muumvetsere bwinobwino chifukwa ndi momwe Zigaboo amakhala. Woyimba ng'oma wamba amamenya snare, ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa ija, pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi kwa biti ndipo thupi lanu limadziwiratu pomwe igwere, koma iyeyu amaisuntha, pena imabwera msanga pang'ono, pena imachedwa, hi-hat yake (timbale tiwiri tachitsulo tija) imadukaduka, ng'oma yapansi yoponda ndi phazi ija imagwa pamalo pomwe simumayembekezera, komabe nyimbo siigwa, imangoyenda mopendekeka mokoma. George Porter naye salimbana naye, amalowa pomwe mnzakeyo wasiya, ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, munsi wina ukamakwera wina ukutsika osawombana. Awiriwa ndi pachibale ndipo anakulira limodzi, mwina nchifukwa chake amamvana chonchi. Art amadikira mpaka chapakati nkulowa ndi ogani yake mosathamanga, akamaliza abwerera pa mzere woyamba uja, nyimbo yatha. Mphindi zitatu basi. Inafika pa nambala 4 pa tchati cha R&B cha Billboard ndi pa 23 pa Hot 100, tchati chachikulu cha nyimbo za mitundu yonse ku America, nyimbo yopanda mawu, ndipo mu 2011 inalowa mu Grammy Hall of Fame.

Kayimbidwe ka ng'oma kameneka sikanachoke kumwamba. Ku New Orleans kuli mwambo wa mabandi a malipenga oyenda mumsewu, ngakhale pa maliro, ndipo khamu lotsatira pambuyo likuvina amalitcha second line. Biti yake ndi yotsetsereka, siyowongoka ngati ya asilikali. Mumzinda womwewo muli malo otchedwa Congo Square pomwe akapolo ochokera ku Africa amaloledwa kusonkhana Lamulungu nkumayimba ng'oma zawo. Zigaboo anatenga zimene ng'oma zingapo zimachita pa pelete nkuziika m'manja ndi m'mapazi a munthu mmodzi. Nchifukwa chake khutu la munthu wakwathu kuno silivutika nayo nyimbo imeneyi, ng'oma zoyankhana tinazizolowera.

Musalekere pa Cissy Strut pokha. Sophisticated Cissy, imene inali singo yawo yoyamba, ndi yodekha kwambiri, imayenda pang'onopang'ono moti bandi yosakhwima ikanagona nayo panjira. Cardova ndiye ya bezi, George amayala mzere wonenepa ndipo ena onse amangouzungulira. Ease Back ndi Here Comes the Meter Man nazo ndi zoti mumvere kangapo, yachiwiriyi ili ndi pomwe ng'oma zimatsala zokha. Live Wire ndi yothamanga. Pali ina dzina lake 6V6 LA, ndipo 6V6 ndi mtundu wa chubu cha mu ampu ya gitala, zikuonetseratu kuti awa anali anthu a zida, mitu ya nyimbo amangotola pa zomwe zili pafupi. Anabwerezanso nyimbo za ena ziwiri, Stormy ya Classics IV ndi Sing a Simple Song ya Sly Stone.

Zofooka zilipo. Ngati inu nyimbo mumaifunira mawu oti muziyimba nawo, chimbalechi chikutopetsani pofika nyimbo yachisanu. Nyimbo zina zimafanana mamangidwe, mzere woyamba, mzere wachiwiri, ogani pang'ono, kubwerera. Stormy ndi Ann ndi zofewa ndipo kwa ine sizifika pomwe zinzake zili. Kajambulidwe nako ndi ka 1969, kouma, kopanda zokometsera. Koma kuumako ndi komwe kumapangitsa kuti mumve chala chilichonse, palibe chobisala kuseri kwa chinzake. Anthu amawayerekeza ndi Booker T. & the M.G.'s a ku Memphis chifukwa zida ndi zomwezo zinayi, koma a Memphis amayenda mowongoka pomwe awa amanyanyamphira.

Tsopano Kool & the Gang. Pa zonse zomwe nditchule, ichi ndi chomwe chili pafupi ndi The Meters chifukwa nachonso ndi cha zida, mawu omwe alimo ndi ongokuwa ndi kuchemerera ngati pa phwando. Anyamatawa ndi a ku Jersey City, anayamba mu 1964 ali achichepere ndi dzina loti Jazziacs, ndipo dzinalo likunena zoona, amafuna kukhala oyimba jazz. Robert Bell, amene ndi Kool mwiniwakeyo, ali pa bezi, mng'ono wake Ronald Bell pa sakisofoni, George Brown pa ng'oma, Dennis Thomas, Spike Mickens, Charles Smith ndi Ricky West. Singo yawo yoyamba yotchedwanso Kool and the Gang inatuluka 1969 pa kampani ya De-Lite, chimbale cha dzina lomwelo nkutsatira, pulojusa anali Gene Redd. J.T. Taylor amene mumamudziwa pa Joanna ndi Cherish anadzalowa 1979, zaka khumi pambuyo pake, nde musamuyembekezere muno.

Kusiyana kwake ndi The Meters ndi malipenga. Kumene The Meters amasiya mpata, awa amathirapo malipenga atatu, nde nyimbo zimamveka zodzadza, zowala, zachisangalalo. Give It Up ili ndi ng'oma za George Brown zomwe a hip hop anazitola kwambiri nkumaziika mu nyimbo zawo, Eric B. & Rakim anazigwiritsa ntchito pa Don't Sweat the Technique. Chocolate Buttermilk ndi Raw Hamburger ndi zovinika. Koma yomwe imandikhudza ine ndi Sea of Tranquility, yodekha, dzina lake ndi la malo amene Apollo 11 inatera pa mwezi chaka chomwecho cha 1969, ndipo D'Angelo anadzamangirapo Send It On mu 2000. Apa ndi pomwe mumamva kuti anyamatawa jazz anaiphunziradi. Chomwe chimachepa ndi kulemera kwa pansi. Bezi ya Kool ndi yabwino, yosavuta kutsatira, koma simakukokerani pansi ngati ya George Porter. Mukafuna chimbale choti muike pomwe pali anthu, ana ndi akulu omwe, aliyense nkumagwedeza mutu osadandaula, ichi ndiye chake.

Funkadelic ndi nkhani ina. Apa tachoka pa ukhondo tapita pa matope, ndipo matopewo ndi adala. George Clinton anali ndi gulu la oyimba pakamwa lotchedwa The Parliaments lomwe linayambira pa malo ometera tsitsi ku Plainfield, New Jersey, anamenya ndi (I Wanna) Testify mu 1967, kenako panabuka mkangano ndi kampani yawo moti dzina lija samatha kuligwiritsa ntchito. Nde anangotenga anyamata omwe amawayimbira zida kumbuyo, Eddie Hazel, Billy Nelson, Tiki Fulwood ndi Tawl Ross, nkuwaika patsogolo ndi dzina latsopano. Chimbale choyamba chinatuluka 1970 pa Westbound ku Detroit. Nyimbo 7 zokha koma zitalizitali, yoyambayo Mommy, What's a Funkadelic? imakwana mphindi 9.

Muli gitala yokhadzula ya mtundu wa Jimi Hendrix, muli blues yakumidzi ya kummwera kwa America, muli mawu a kwaya ya kutchalitchi, muli kuyankhula kobwerera ngati munthu ali m'phanga, zonse mumphika umodzi ndipo biti yake ndi yochedwa, yolemera. I Got a Thing, You Got a Thing, Everybody's Got a Thing ndiye yomwe ndingakuuzeni kuti muyambire, gitala yake ya wah-wah, yolira ngati ikunena kuti wa-wa, imatafuna ndipo chapakati ng'oma zimaphulika liwiro nkusintha. I Bet You ndi yomwe ili pafupi ndi nyimbo za kampani ya Motown, moti a Jackson 5 anaiyimbanso chaka chomwecho pa chimbale chawo cha ABC. Good Old Music imatsegula ndi ng'oma za Tiki Fulwood zomwe nazonso zinatoledwa kwambiri ndi a rap.

Amene munakulira pa Zamrock, rock ya ku Zambia ija, kaya Paul Ngozi ndi Ngozi Family, kaya WITCH, kaya Amanaz, chimbalechi muchimva ngati chakwanu. Ndi nthawi imodzimodziyo ndipo onse amamvera Hendrix ndi James Brown, paja James Brown anafika ndithu ku Zambia mu 1970. Gitala yokhadzula pamwamba pa biti yovinika, ndi maganizo omwewo mbali ziwiri za nyanja.

Koma ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Choyamba mawu otsegulira chimbalechi ndi otukwana, si choika pa sipika apongozi ali pakhonde kapena ana ali pabalaza. Chachiwiri nyimbo zina zimatalika kupitirira pomwe nkhani yake yathera, zimangozungulira, ndipo kasakanizidwe ka mawu ndi kautsiutsi, zida zimalowana. Ena amachikondera chomwecho. Ine ndimachilemekeza kwambiri koma sindinganamize munthu kuti ndi chophweka, ndipo Eddie Hazel weniweni mukamupeza pa Maggot Brain ya 1971. Choyambachi ndi cha munthu amene rock amaikonda kale.

Commodores. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Machine Gun inatuluka 1974 pa Motown ndipo mulibe nyimbo zoziziritsa mtima zija ngati Easy kapena Three Times a Lady, zimenezo zinabwera 1977 ndi 1978. Anyamatawa anakumana ali ophunzira ku Tuskegee Institute ku Alabama, anayenda ndi Jackson 5 ngati bandi yotsegulira kuyambira 1971, ndipo Lionel Richie nthawi imeneyo anali woyimba sakisofoni amene amagawana maikolofoni ndi Walter Orange wa pa ng'oma. Nyimbo ya mutu wa chimbale ndi ya Milan Williams, yopanda mawu, amamenya clavinet, mtundu wa kiyibodi yamagetsi, mwaliwiro motsatizana ndipo Berry Gordy mwini Motown ndi amene anaipatsa dzinalo chifukwa imamveka ngati mfuti ikulira. Inafika pa 22 pa Hot 100.

Pa zonsezi ichi ndi chomwe chinajambulidwa mwaukhondo kwambiri, sinanga ndi Motown komanso papita zaka zisanu kuchokera pa The Meters, masitudiyo anali atasintha. I Feel Sanctified ndi yamoto, bezi ya Ronald LaPread imadumpha. The Assembly Line, yolembedwa ndi Gloria Jones ndi Pam Sawyer, ili ndi uthenga komanso chigawo cha ng'oma chomwe ma DJ amachisaka. Vuto langa ndi loti chimbalechi chimamveka kuti manja ambiri anagwirapo, mapulojusa osiyanasiyana, nyimbo zina zongotsatira magule omwe anali m'fasho chaka chimenecho ngati The Bump. Ndi chokoma, chovinika kuyambira koyamba mpaka kumapeto, koma simumva mzinda wake mmene mumamvera New Orleans mwa The Meters kapena Detroit mwa Funkadelic. Kwa munthu amene akuchokera ku disco ndi nyimbo za m'ma 80, khomo losavuta kulowera ndi limeneli.

Earth, Wind & Fire ya 1971 pa Warner Bros. si gulu lomwe mukulidziwa lija. Philip Bailey wa mawu okwera aja anali asanalowe, anabwera 1972 pomwe Maurice White, mtsogoleri wawo, anamanganso gulu ndi anthu atsopano nkusamukira ku Columbia, pa akale aja anangotsala ndi mng'ono wake Verdine wa pa bezi. Maurice anali woyimba ng'oma ku Chess Records ku Chicago komanso mu Ramsey Lewis Trio, nde chimbale choyambachi chili ndi fungo la jazz ndi soul ya ku Chicago, malipenga aukali, mawu a gulu, Sherry Scott ndi Wade Flemons akuthandizana kutsogolera. Fan the Fire ndi Moment of Truth ndi zolimba, Love Is Life ndi yofatsa. Chomwe chingakusangalatseni ndi nyimbo yomaliza, Bad Tune, momwe Maurice amaliza kalimba, kachida komwe kuno timakadziwa bwino, koma iye anakalumikiza ku ampu nkukaika pakati pa ng'oma ndi bezi. Anapitiriza kukayimba pa zimbale zambiri pambuyo pake mpaka kampani yake anaitcha Kalimba Productions. Chimbale chonse ndi chachifupi ndipo chikumveka kuti gulu likufunafunabe njira, pali timacheza ta pakati pa nyimbo tomwe kwa ine sitiwonjezera kanthu. Ndingachiike m'manja mwa munthu amene EWF (chidule cha dzina la gululi) amaikonda kale ndipo akufuna kudziwa komwe inachokera, osati woyamba kumene.

Sly and the Family Stone ndingodutsapo mwachangu ngakhale gululo ndi lalikulu kuposa ena onse pano pa mbiri. A Whole New Thing ya 1967 pa Epic sinagulidwe, mpaka akuluakulu a kampani anamuuza Sly kuti apange zosavuta kumva, nde kunabadwa Dance to the Music chaka chotsatira. Gulu la ku San Francisco, akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, Cynthia Robinson pa lipenga, Larry Graham pa bezi, Greg Errico pa ng'oma. Underdog ndi nyimbo yamphamvu ndipo Trip to Your Heart ndi yomwe LL Cool J anatolapo pa Mama Said Knock You Out. Koma kunena zoona ichi ndi soul yosakaniza ndi rock, maganizo ambirimbiri mu nyimbo imodzi, funk yeniyeni ya Sly inadzapsa 1969 kupita mtsogolo. Chimodzimodzi Food for Thought ya The J.B.'s (bandi ya James Brown) ya 1972, muli Pass the Peas ndi The Grunt zomwe ndi moto weniweni, koma ndi masingo ojambulidwa nthawi zosiyana ndi oyimba osinthasintha nkuwasonkhanitsa pamodzi, nde sindichiwerengera mofanana ndi zinazi.

Ndiye musankhe bwanji? Zimatengera chomwe khutu lanu limayamba kutsatira nyimbo ikamalira. Pali anthu amene amayamba kumva mawu a woyimba, amenewo apite kwa Commodores, akakhuta apite kwa Earth, Wind & Fire. Okonda malipenga ndi jazz, Kool & the Gang sikukhumudwitsani. A gitala yolira mokhadzula ndanena kale, yanu ndi Funkadelic. Koma ngati ndinu woyimba, kaya mumamenya ng'oma kutchalitchi, kaya bezi mu bandi ya kumaukwati, kaya mumapanga mabiti pa laputopu, The Meters musaizembe ayi. Oyimba achinyamata ambiri ali ndi luso ndithu koma amaopa mpata, aliyense amafuna adzadze paliponse, wa kiyibodi manja onse awiri osapuma, wa bezi kuthamanga, wa ng'oma kugubuduza mzere uliwonse ukamatha, mapeto ake nyimbo imalemera koma osavinika. Pa chimbale chimenechi mumva anthu anayi amene aliyense akutha kuyimba zambiri koma wasankha kagawo kake kakang'ono nkukakamira, ndipo mukachotsa mmodzi nyimbo yagwa. Yesani kuphunzira Cissy Strut ndi anzanu. Manotsi ake muwagwira tsiku limodzi, ndi ochepa, koma kuti imveke mmene imamvekera pa chimbalepo mudzaona kuti nkhani yagona pa kudikirana, ndipo mabandi ambiri amaithamangitsa.

Chifukwa china chomwe ndimaikira The Meters pamwamba ndi choti pa magulu onsewa ndi okhawa amene chimbale choyamba chinali chokhwima kale. Enawa choyamba chinali poyambira, zabwino zawo zenizeni zinabwera pambuyo, Kool & the Gang ndi Jungle Boogie mu 1973, Funkadelic ndi Maggot Brain, EWF chapakati pa zaka za m'ma 70. The Meters anafika atapsa kale chifukwa cha mausiku aja a ku Ivanhoe. Ndipo oyimba anzawo anazindikira msanga kuposa ogula, Dr. John anawatenga pa In the Right Place mu 1973, a Rolling Stones anayenda nawo 1975 ndi 1976 ngati bandi yotsegulira. Ndalama ndi kutchuka sizinawafike mmene zinafikira anzawo, zimandipweteka ndithu, Grammy ya ntchito ya moyo wonse anadzalandira 2018, Art Neville nkumwalira chaka chotsatira.

Nkhani ya chomverera nayo ndi yofunika pa chamba chimenechi kuposa zamba zina. Sipika ya foni imadya bezi yonse, nde Cardova pa foni mungomva gitala ndi tinthu tolira pamwamba, theka la nyimbo lapita. Pezani mahedifoni ngakhale otchipa, kapena sipika yoti ili ndi pansi. Commodores ndi Kool & the Gang zimapirirako pa sipika yaing'ono chifukwa clavinet ndi malipenga zimadutsa, koma The Meters ndi Funkadelic ayi. Ndipo osakweza bezi mpaka kumapeto ngati mukumvera amapiano, zojambula za nthawi imeneyo zilibe kugunda kwa pansi penipeni kuja, mukakakamiza zimangochita phokoso losamveka, ikani pakatikati kuti ng'oma yapansi ndi bezi muzizisiyanitsa. Kumbali ya bandulo musade nkhawa, zimbale zimenezi ndi zazifupi, zambiri sizifika mphindi 45, mukhoza kudawuniloda kamodzi pa Spotify kapena kuzipeza pa YouTube. Chenjerani chabe kuti mukasaka dzina la gulu zimayamba kubwera ndi zosonkhanitsa za nyimbo zotchuka, makamaka Kool & the Gang ndi Commodores, nde yang'anani chaka. Ma CD ena otulutsidwanso pambuyo anawonjezera nyimbo kumapeto zomwe pa mbale yoyambirira panalibe, si zoipa koma dziwani pomwe chimbale chenicheni chathera.

Mukamvera The Meters nkuona kuti ng'oma ndi bezi zakugwirani koma mukusowa mawu, musabwerere m'mbuyo. Look-Ka Py Py yomwe inatsatira ndi ya zidabe ngakhale muli timawu tongoyimba ngati ng'oma, koma pofika Rejuvenation ya 1974 pa Reprise anyamata omwewa anali akuyimba pakamwa, malipenga alimo, ndipo Hey Pocky A-Way, People Say ndi Just Kissed My Baby zili pamenepo.